Ukwati wa kunja umafunsanso kadi ya kusikelo

Aliyense amene amayenda pamsewu wochoka ku Balaka kudzera pa Liwonde mpaka ku Ntaja akudziwa kuti m'maboma awiriwa ndi mabanja ochepa amene alibe m'bale kunja kwa dziko lino. Ambiri ali ku Joni, ena ku Cape Town ndi ku Durban, ndipo masiku ano tikumvanso za ana athu amene adapita kusukulu kapena kukagwira ntchito ya unamwino ku Britain ndi ku America. Kumeneko ena adapeza mabanja. Ena adasiya mkazi kapena mwamuna kumudzi ndipo tsopano akufuna kuti awatsatire, akakhale limodzi ngati mmene banja liyenera kukhalira.

Nkhani yotere ikafika pakhomo, akubanja amathamangira zinthu ziwiri: pasipoti ndi setifiketi ya ukwati. Ankhoswe amaitanidwa, shehe kapena abusa amasaina, mbuzi zimagulitsidwa, ndipo aliyense amaona ngati ulendo wapsa. Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti maiko amene akupitako amafunanso kudziwa za thupi la munthuyo: ngati ali ndi chifuwa chachikulu, ngati adabayitsa katemera, ndiponso ngati pali pepala lochitira umboni. Apa ndi pamene maulendo ambiri amaima, ndalama zitapita kale.

Ife tikuti kuyezetsa ndi kufunafuna makadi a katemera kuzikhala koyamba, osati kotsiriza.

Agogo athu nkhaniyi akuidziwa bwino kuposa ife. Amene adapita ku migodi kudzera ku Wenela, kenako ku Teba, amakumbukira kuti munthu sankakwera ndege asadavule malaya pamaso pa dokotala. Wopezeka ndi chifuwa ankabwerera kumudzi ndi kathumba kake. Ndipo khomo la ku migodi litatsekeka komaliza, nkhani yake idali ya zaumoyo yomweyi. Boma la South Africa la nthawi ya tsankho lidafuna kuti Amalawi aziyezedwa kachirombo ka HIV asadapite, boma la Malawi lidakana, ndipo pakati pa 1988 ndi 1992 anthu pafupifupi 13,000 adabwezedwa kumudzi. Ambiri mwa iwo adalibe kachiromboko. Tikukumbutsa izi kuti owerenga aone kuti malamulo a zaumoyo a pamalire angathe kukhala achilungamo, angathenso kukhala chida chothamangitsira anthu osafunidwa. Koma kaya ndi achilungamo kaya ayi, amene amavutika nawo ndi munthu wosakonzeka.

Tiyambe ndi ku South Africa, popeza n'kumene kuli abale athu ambiri. Lamulo la dzikolo loona za alendo, la m'chaka cha 2002, limalola munthu amene wakhala pabanja ndi nzika ya dzikolo, kapena ndi munthu wokhala ndi chilolezo chokhazikika, kwa zaka zisanu kuti apemphe kukhazikika. Pa zaka zisanuzo munthuyo amayenera kukhala ndi viza yoyenera, osati kungobisala. Chilolezo chikaperekedwa, chimatha mphamvu ngati banjalo latha pasadathe zaka ziwiri, pokhapokha ngati chalekanitsa ndi imfa. Pa mapepala ofunika pali kalata ya apolisi yosonyeza kuti munthu alibe milandu, komanso kalata ya dokotala yonena za thanzi lake, imene siyenera kupitirira miyezi isanu ndi umodzi chilembedwereni. Kale ankafunanso kalata yapadera ya chithunzi cha X-ray cha pachifuwa, koma m'chaka cha 2023 unduna wa Home Affairs udachotsa zimenezo. Tikutchula dala mfundoyi chifukwa alipo madobadoba amene mpaka lero amalipiritsa anthu ndalama ya pepala limene silikufunikanso.

Pali chowawa china chimene tiyenera kunena mosapsatira. Njira imeneyi imatseguka pokhapokha ngati amene akuitanayo ndi nzika kapena ali ndi chilolezo chokhazikika. Mmalawi amaloledwa kulowa ku South Africa kwa masiku 30 popanda viza, ndipo anyamata athu ambiri adalowa motero n'kungokhaliratu. Woteroyo sangaitanitse mkazi wake mwalamulo, ngakhale atakhala ndi ndalama zodzaza thumba. Chiyambire 2014, wopitiriza masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo ngati wapitiriza ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka zisanu. Choncho mayi wa ku Nsanama kapena ku Ulongwe amene wauzidwa pafoni kuti angokwera basi, zamapepala akazionera komweko, ayambe wafunsa kaye amuna ake kuti iwowo akukhala ndi pepala lanji. Si mwano kufunsa. Safunsa adadya phula.

Ku Britain nkhani yaikulu ndi TB. Chiyambire 2013, Mmalawi aliyense wofuna kukakhala m'dzikolo kupitirira miyezi isanu ndi umodzi amayenera kuyezedwa chifuwa chachikulu asadapemphe viza, ndipo wotsatira mwamuna kapena mkazi wake ali m'gulu lomweli. Kuyezako sikuchitika pachipatala china chilichonse. Boma la Britain lili ndi mndandanda wake wa zipatala zimene lidavomereza, umene umapezeka pa intaneti, ndipo kalata yochokera kwina, ngakhale itasainidwa ndi dokotala wamkulu wa paboma, saiwerengera. Munthu amajambulidwa pachifuwa. Chithunzi chikakhala bwino amapatsidwa setifiketi imene imagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi. Chikaonetsa kachithunzithunzi kokayikitsa, amapereka makhololo, ndipo zotsatira zake zingatenge milungu isanu ndi itatu chifukwa amadikira kuti aone ngati tizilombo timera. Ana osakwana zaka 11 kawirikawiri sajambulidwa, amangoonedwa ndi dokotala. Mayi woyembekezera amapatsidwa mwayi wosankha: kujambulidwa atatchinjirizidwa pamimba, kupereka makhololo, kapena kudikira mpaka atachira.

Taganizirani tsono banja limene lachita zinthu chambuyo. Mwamuna ku Leeds wasonkhanitsa makalata a kuntchito ndi a kubanki osonyeza kuti amalandira ndalama zimene boma likufuna, zomwe mu April 2024 zidakwezedwa kuchoka pa mapaundi 18,600 kufika pa 29,000 pachaka. Mkazi wasiya geni yake pamsika wa Balaka, katundu wagawira abale, ana wawatulutsa sukulu. Kenako chithunzi chikuonetsa chifuwa. Mankhwala a TB amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pomatha nthawiyo makalata a kubanki aja amakhala atakalamba, zonse n'kuyambiranso. Chikhala kuti mayiyu adayamba wapita pachipatala cha boma ku Balaka kapena ku Liwonde pamene nkhani ya ulendo idangoyambika, matendawo akadapezeka msanga, akadalandira mankhwala aulere, ndipo nthawi yodikira mapepala ena ikadakhala yomweyo yochirira.

Amene adadwalapo TB kale n'kuchira asungenso bwino kadi yawo ya mankhwala. Chifuwa chachikulu chimasiya zipsera m'mapapo, ndipo zipserazo zimaoneka pa X-ray ngakhale patapita zaka zambiri. Dokotala akaona chipsera amafuna kudziwa kuti munthuyo adamwa mankhwala ati, liti, ndipo ngati adamaliza. Kadi ija imayankha mafunso onsewa. Kubisa kuti udadwalapo n'kungodzichedwetsa, pakuti chithunzi chimaulula.

Dziko limene limalimbikira kwambiri za katemera ndi America. Lamulo la m'chaka cha 1996 lidakhazikitsa kuti wofuna kukhazikika kumeneko asonyeze umboni wa katemera wolingana ndi msinkhu wake: wa chikuku, rubella, matsagwidi, poliyo, kafumbata, chifuwa chokoka mtima, matenda a chiwindi a hepatitis B, katsabola ndi ena. Woyeza amakhala dokotala wosankhidwa ndi ofesi ya kazembe, ndipo amayang'ananso TB, chindoko, chinzonono ndi khate. Katemera wa Covid-19 adawonjezedwa mu 2021 koma adachotsedwa kumayambiriro kwa 2025. Dokotala ameneyu salandira mawu apakamwa. Kunena kuti amayi anga ankanditengera kusikelo mwezi uliwonse sikuthandiza, ngakhale zili zoona. Iye amafuna pepala lokhala ndi masiku. Likasowa, munthu amayezedwa magazi kuti aone ngati ali ndi chitetezo, kapena amabayidwanso, ndipo zonsezi ndi zolipira.

Tiyeneranso kuchenjeza kuti khomo la America lakhala likupanikizika kwa Amalawi. Mu August 2025 boma la dzikolo lidalamula kuti Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ofuna viza yokacheza kapena ya malonda azipereka chikole chofika madola 15,000, ndipo mu December chaka chomwecho lidaika Malawi pa mndandanda wa maiko amene nzika zake zachepetsedwa mwayi wolowa. Malamulo otere amasintha mwadzidzidzi. Banja lisawononge ndalama ya dokotala lisadamve kuchokera ku ofesi ya kazembe yeniyeniyo kuti pempho lawo likuyenda.

Funso limene ambiri amaopa kufunsa mokweza ndi la HIV. Tikudziwa kuti alipo amayi ndi abambo amene amazengereza ulendo wonse chifukwa choopa kuti akayezedwa magazi ndipo chinsinsi chawo chikaululika. America idachotsa HIV pa mndandanda wa matenda oletsa munthu kulowa mu January 2010. Kuyeza kwa viza ya ku Britain ndi kwa TB, osati kwa HIV. Canada imayeza, koma mkazi kapena mwamuna woitanidwa ndi mnzake sakanidwa pa chifukwa chakuti chithandizo chake chidzadya ndalama zambiri za boma. Choncho kumwa ma ARV si mapeto a ulendo. Chimene chimapha banja n'chakuti mwamuna kapena mkazi akamve nkhaniyi koyamba kuchokera pa pepala la dokotala wa viza. Kambiranani nokha awiri, kukadali m'mawa.

Ndipo kwa apongozi, alamu ndi azakhali tikuti: mtengwa kapena mkamwini akapezeka ndi TB poyezedwa, musamusandutse nkhani ya pachitsime. Tamvapo mawu akuti watitsekera mwayi, kapena akuti mwana wathu angopeza wina komweko. TB imayenda mumpweya, ingagwire aliyense wokwera minibasi yodzaza kapena wogona m'nyumba yopanda mawindo, ndipo imachizika. Chofunika panthawiyo n'chakuti onse a m'nyumbamo, makamaka ana aang'ono, akayezedwenso, ndi kuti wodwalayo apeze womukumbutsa kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku.

Tibwerere ku kadi ya kusikelo, chifukwa apa ndi pamene tili ndi mangawa tonse, boma ndi makolo omwe. Dziko lino silidagone pa nkhani ya katemera. Ndondomeko ya katemera wa ana idayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mu 2002 kudabwera katemera wophatikiza matenda asanu, kuphatikizapo hepatitis B. Mu 2011 wa chibayo. Mu 2012 wa kutsegula m'mimba kwa rotavirus. Mu 2017 wa chikuku wophatikiza ndi rubella. Mu 2023 wa typhoid. Pamene dziko la Malawi lidakhala loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kusikelo mu April 2019, Machinga ndi Balaka adali m'gulu la maboma 11 oyambirira. Alangizi a zaumoyo amapalasa njinga mpaka kumidzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chiuta atanyamula mabokosi ozizira. Ntchito yagwiridwa, ndipo ana ambiri a kuno adabayidwa mokwanira.

Koma umboni wake uli kuti? Uli m'kabuku kakang'ono kamene kamasungidwa pansi pa mphasa, kudenga, kapena m'chikwama chimodzi ndi makuponi akale. Mwana akangosiya sikelo, kabukuko kamasanduka kopanda ntchito m'maso mwa makolo. Chiswe chimadya, ana amang'amba, ena amakulungira fodya. Madzi osefukira a 2015 ndi 2019, namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 adakokolola nyumba zambiri m'chigawo chino pamodzi ndi mapepala onse. Munthu akabwerera kuchipatala patapita zaka makumi awiri kukafunsa zolembedwa zake, zimadalira mwayi kuti kaundula wa chaka chimenecho apezeke.

Zaka zimene tatchulazi zili ndi phunziro lina. Ena mwa amene akukwatira ndi kukwatiwa lero adabadwa chisadafike chaka cha 2002, kutanthauza kuti kusikelo sadalandire katemera wa hepatitis B. Wa matsagwidi ndi wa katsabola sali pa ndondomeko ya kusikelo kwathu kuno. Choncho ngakhale amene kadi yake ili bwinobwino angauzidwe kuti abayitse ena owonjezera. Izi zisadabwitse munthu kapena kumuchititsa kuganiza kuti dokotala akufuna kumudyera. Ndipo popeza katemera wina, monga wa chikuku ndi rubella, saperekedwa kwa mayi woyembekezera, banja lachinyamata likhale likudziwiratu pokonza za ulendo ndi za mwana.

Abale athu achisilamu, omwe ndi ambiri m'maboma awiriwa, izi si zachilendo kwa iwo. Aliyense amene adapitako ku Hajj akudziwa kuti Saudi Arabia salola munthu wopanda umboni wa katemera wa matenda oumitsa khosi, ndipo palibe amene amati kumeneko n'kunyozedwa. Chimodzimodzi kadi yachikasu ya yellow fever. Dziko la Malawi silili m'gulu la maiko a matendawa, koma wochokera kapena wodzera kumaiko kumene aliko amafunsidwa kadiyo ku South Africa ngakhalenso pofika kuno. Chiyambire 2016 katemera mmodzi wa yellow fever amawerengedwa kuti ndi wa moyo wonse, choncho wina asakunamizeni kuti kadi yanu idatha.

Mwina wina afunsa kuti maiko olemerawa akuvutitsiranji anthu osauka. Nafenso nthawi zina timaona kuti mitengo ya kuyeza ndi ya viza ndi yokwera dala kuti wosauka agwe ulesi, ndipo sitiopa kunena zimenezo. Koma kuti matenda amawoloka malire, ife tidaziona ndi maso. Mu February 2022 boma lidalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, patatha zaka makumi atatu matendawa asadaoneke m'dziko muno, ndipo akatswiri adapeza kuti kachirombo kake kadali kofanana ndi ka ku Pakistan. Miyezi ingapo pambuyo pake kadapezekanso ku Tete. Mwezi wa March chaka chomwecho kolera adayambira ku Machinga konkuno, n'kufalikira dziko lonse mpaka kupha anthu oposa 1,700. Mu 2010 chikuku chidagwira anthu oposa 100,000 m'dziko lino. Amene adaika maliro m'zaka zimenezi sangatsutse kuti dziko lili ndi ufulu wofunsa za thanzi la wolowa.

N'chifukwa chake tikudzudzula mwamphamvu mchitidwe wogula makalata a chipatala. Aliyense akudziwa kuti alipo anthu amene ukawapatsa kangachepe amakubweretsera pepala la chidindo usadaonane ndi dokotala. Maofesi a akazembe amatsimikiza mapepala, ndipo wogwidwa ndi chinyengo ku Britain angaletsedwe mpaka zaka khumi, pamene ku America chiletsocho chingakhale cha moyo wonse. Dobadoba amakhala atadya kale yake, wotsala ndi misozi ndi mwini ulendo. Komanso wopita ndi TB yobisa amakayamba kupatsira mwamuna kapena mkazi wake yemwe ndi ana ake, m'kachipinda kamodzi kotseka mawindo chifukwa cha kuzizira. Ndipo pepala labodza lililonse logwidwa limachititsa kuti mapepala oona a Amalawi ena onse azikayikiridwa.

Nkhaniyi ili ndi mbali inanso imene timaiiwala. Ifenso timalandira akamwini ndi atengwa ochokera kunja. Kwa Kawinga, kwa Ngokwe, kwa Chikweo ndi ku Nayuchi, kukwatirana ndi anzathu a ku Mecanhelas ndi ku Cuamba ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku, pakuti ndi anthu amodzi, Ayao ndi Alomwe, amene malire adangowadutsa pakati. Alipo ena amene abwera ndi akazi kuchokera ku Joni kapena ku Zimbabwe. Mlendo wofuna chilolezo chokhazikika m'dziko muno amapempha ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka, ndipo nayenso amafunsidwa kalata ya apolisi ndi ya dokotala. Ambiri a m'malire sapempha n'komwe, ndipo mavuto amadzaoneka pa nthawi ya chiphaso cha unzika, ya malo, kapena mwini banja akamwalira. Koma pa za katemera tikupempha mafumu ndi alangizi a zaumoyo kuti mwana asabwezedwe kusikelo chifukwa mayi ake ndi a ku Mozambique kapena kadi yake ndi ya Chipwitikizi. Mayi akaopa kufunsidwa mapepala amabisa mwana, ndipo chikuku chikabuka chimagwira mudzi wonse.

Ku unduna wa zaumoyo pempho lathu ndi lakuti zolembedwa za katemera zisamathere m'kabuku ka mayi ndi m'kaundula wa pepala. Ngati boma lidatha kulemba anthu mamiliyoni m'kaundula wa unzika mu 2017, lingathenso kusunga m'makompyuta dzina la mwana ndi masiku amene adabayidwa, kuti amene kadi yake idapita ndi madzi athe kupatsidwa ina yovomerezeka pa ofesi ya zaumoyo ya paboma. Zipatala za maboma zikhalenso ndi tsiku ndi malo odziwika kumene munthu wamkulu angapeze katemera wa apaulendo ndi kalata yoona ya dokotala, mtengo wake utalembedwa poyera ndipo lisiti likuperekedwa. Pamene njira yoongoka ili yobisika, madobadoba ndiwo amalemera. Aphungu a Machinga ndi Balaka, amene mavoti awo ambiri amachokera m'nyumba zomangidwa ndi ndalama za ku Joni, akadayenera kukhala oyamba kuifunsa nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo.

Podikira zimenezo, pali zimene banja lingachite sabata ino. Tulutsani makadi a kusikelo a ana onse, ngakhale amene ali ku sekondale, muwajambule ndi foni, zithunzizo mutumizireko m'bale wina wodalirika, ndipo makadiwo muwaike m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi setifiketi ya ukwati ndi makalata a kubadwa. Onani ngati dzina ndi tsiku lobadwa zili chimodzimodzi pa kadi, pa chiphaso cha unzika ndi pa pasipoti, chifukwa kwathu kuno mwana amatha kukhala ndi dzina lina kusikelo, lina kumadrasa kapena kutchalitchi, linanso kusukulu, ndipo wa ku ofesi ya kazembe akaona maina atatu amaona anthu atatu. Ngati pali katemera amene mwana adaphonya, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akuuzani ngati angathe kulandirabe. Ndipo amene wakhala akutsokomola kwa milungu iwiri, akutuluka thukuta usiku kapena akuonda, apite akapereke makhololo Lolemba likudzali, kaya ulendo ulipo kaya palibe.